Hatchi ya Tiwonge ndi Mfumukazi Yanga

Ku Chipata ndinafikako mochedwa ndi zaka zitatu, ndipo mlandu wake ndimauika pa kabuku kobiriwira kamene ndikusungabe mpaka lero.

Ndinali Giledi 9 ku sekondale ku Chama, m'zaka za m'ma 90 zija. Aphunzitsi athu a masamu, a Mulenga, anachokera ku Kabwe ndi bolodi imodzi ya tchesi, yomwe msilikali wake wina anali chitsekerero cha botolo. Analengeza kuti temu yotsatira adzatenga ana anayi kukapikisana ku Chipata. Anyamata atatu anali odziwika kale. Malo a mtsikana anali amodzi, koma owafuna tinali awiri: ine ndi mnzanga Tiwonge.

Ine pa kuloweza sindinkapikisana ndi munthu. (Mitsinje ya mu Africa ndinkaitchula ngati pemphero.) Ndiye a Mulenga atationetsa kayambidwe kogwira mfumu posuntha kanayi kokha, ndinalemba mwaukhondo n'kudula mzere ndi rula: msilikali, mfumukazi, bishopu, mfumukazi idye, kwatha.

"Uku n'kuyamba chabe," anatero iwo. "Muziyang'ananso zimene mnzanu akuchita."

Mawu amenewo sindinalembe. Sankaoneka ngati angabwere pa mayeso.

Pa holide kwathu ku Kambombo ndinajambula bolodi pa katoni. Chimanga chinali gulu loyera, nyemba gulu lakuda. Wosewera naye panalibe, choncho ndinkasuntha mbali zonse ndekha. Nyembazo zinali zaulemu zedi. Zinkayenda momwe kabuku kananenera, n'kufa osadandaula.

"Mwanawe," amayi ankatero podutsa, "ndiwozo uzibweza liti?"

Tsiku losankha, kalasi inadzaza mpaka m'mawindo. Mwayi wa zoyera unagwera ine. Ndinakankha msilikali, Tiwonge nayenso msilikali. Ndinatulutsa mfumukazi. Iye anagwira chibwano, kenako anatulutsa hatchi. Ine maso anali pa bolodi, koma mtima unali kale pa mzere wachitatu wa kabuku. Bishopu uyo, phaa.

"Iwe," Tiwonge ananong'ona, "watsimikiza?"

"Sewera chabe, nthawi ikutha."

"Manje usandikwiyire."

Hatchi inadumpha n'kudya mfumukazi yanga. Inali itailoza poyera, aliyense akuona kupatula mwini wake.

Apa wanzeru akanakhala chete. Ine ndinakweza dzanja.

"Aphunzitsi, Tiwonge walakwitsa. Si momwe munatiphunzitsira."

Anzanga anaseka mpaka wina kugwa pa desiki. A Mulenga anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, kenako anati, "Mwana wanga, Tiwonge sanawerenge kabuku kako."

Lole ya ku Chipata inanyamuka m'mawa wa Lachisanu, ine ndili pa mpanda kubayibitsa. Tiwonge pobwera anandibweretsera banzi lophwanyika m'thumba, tinagawana pansi pa mtengo wa mango iye akundifotokozera za msewu wa tara.

Tsiku lomwelo ndinatsegula kabuku kaja n'kulemba mawu amene ndinawasiya: "Muziyang'ananso zimene mnzanu akuchita." Ndinadula mzere ndi rula.

Ndipo ndinawaloweza.