Paipi ya Sarpong

Inu, tamverani za mbale wanga Sarpong, munthu amene akaona chinthu kamodzi, mawa lake ndi mphunzitsi wake. Ndimamunyoza, ndipo sindibisa.

Amalume atamwalira, nyumba yawo yosanja ya ku Bantama inafunika wolowa m'malo, iyeyo kapena ine. Wogamula anali Maame Dufie, mchemwali wamkulu wa malemu. Thupi likudikira m'firiji ya kuchipatala, Sarpong anayamba kudzigulira mtima wa mayiwo: penti, makatani, mpaka bafa la m'mwamba, loti asambiremo iwo okha. Vuto linali limodzi. Madzi athu ndi aulesi, masitepe sakwera.

Ndiye Sarpong anaona amayi ena akutsuka mtondo wosinjira fufu, nsima ya kwathu kuno, atapana kukamwa kwa paipi ndi chala, madzi akuthamanga ngati aona ngozi. Basi nzeru zamupeza! Anadula paipi yaikulu ya pabwalo n'kulumikizapo kapaipi konga bango kopita kubafa kuja, kenaka n'kubwereka injini yopopera.

Ndinamuuza kuti pakhomo popapatiza anthu amakankhana, koma olowa amachepa.

"Iwe khala chete," anatero. "Madzi ali ngati mwana, ukawafinya ndi pamene amamva."

Chabwino. Nzeruzayekha anaviika fufu m'madzi.

M'mawa wa tsiku la maliro, bwalo litadzaza anthu a nsalu zofiira ndi zakuda, Maame Dufie anakwera kukasamba. Sarpong analiza injini. Kapaipi kanalavula timadzi tokwana kunyowetsa sopo, kenaka mchenga unatseka pakhosi pake paja. Injini osaleka kukankha. Paipi yaikulu inayamba kunjenjemera, Sarpong n'kumauza alendo kuti imeneyo ndiye mphamvu.

Phuu! Polumikiza paja panaphulika. Madzi anauluka kupitirira denga n'kugwera abusa, oimba ng'oma ndi chithunzi cha malemu. Nsalu zinasuluka, anthu miyendo psuu.

Maame Dufie anatsika atadzikulunga chitenje, thovu lili m'makutu, diso limodzi chotsinzina. Sanakalipe. Anaima pansi pa kasupeyo, pamaso pa anamfedwa onse, n'kutsukuluza nkhope bwinobwino.

"Maame, mwaona nokha kuti madzi akwera," anatero Sarpong, wopanda ndi manyazi omwe.

"Akweradi, mwanawe. Nawenso ukwere, ukatsitse katundu wako."

Nyumba anandipatsa ine. Musandiyamikire msanga, abale anga. Mwambo umati wolowa m'malo amatenga zonse za malemu, ndipo pa zonsezo pali Sarpong. Akugona chipinda cha pansi, ndipo dzulo ndamupeza akuyang'anitsitsa mawaya a magetsi.