Ndinasesa Kompyuta ya Amayi Mhango

Mundikhululukire, owerenga, polimba mtima kulemba ine wophunzira sukulu ya kumudzi ku Ntchisi, pomwe odziwa kulemba alipo. Koma nkhaniyi yakhalitsa pakhosi, ndipo ngakhale inatsala pang'ono kundikweza basi yobwerera kwathu, ndikaikumbuka mapewa amakwera okha.

Mu 1997 ndinkakhala ndi azakhali ku Biwi, mu Lilongwe. Nditamaliza maphunziro a kompyuta a miyezi itatu, anandipezera malo kwa mnzawo wa kutchalitchi, Amayi Mhango, amene anali ndi kashopu kotaipa makalata ku Kawale. Munali kompyuta imodzi, pulinta yolira ngati nyenje, mpando wa Amayi, ndi kireti lopanda kanthu lomwe linali mpando wanga. Tsiku loyamba anandiuza mosabisa kuti andiyesa miyezi iwiri, ndipo ndikawasokoneza ndibwerera kokasoka fodya.

Amayi anataipa zaka zambiri m'maofesi asanapume. Potaipa maso awo ankakhala papepala basi, ndipo ankati woyang'ana pagalasi la kompyuta ndi mwana wa sukulu. Akamaliza ankadina kabatani kamodzi pamzere wa pamwamba pa galasilo, kojambulidwa kagalasi kokulitsira zinthu, kuti aone tsamba lonse asanalitulutse.

Kwathu anatiphunzitsa kuti mwana wabwino sadikira kuuzidwa kuti asese. Tsiku lina Amayi atapita kumaliro ndinasesa pansi, ndinapukuta mawindo, kenako ndinayang'ana mzere wa pamwamba uja. Unali wodzaza tizithunzi tosawerengeka, ngati pabwalo pogwera masamba. Kusukulu anationetsa kuti munthu atha kukoka kabatani n'kukataya, ndiye ndinayamba ntchito. Ndinasiya tisanu ndi tiwiri tokha, tooneka bwino. Kagalasi kaja nako kanapita (ine sindinkakagwiritsa ntchito, choncho ndinaganiza kuti n'kokongoletsa chabe).

Ndikanalekera pomwepo. Koma makasitomala athu ambiri anali akuluampingo ndi alembi a makwaya, ndipo makalata awo onse ankayamba mofanana: "Chisomo ndi mtendere zikhale nanu, abale okondedwa mwa Ambuye." Ndinakonza kuti munthu akadina batani la Ctrl ndi la S pamodzi, mawu onsewo azilembeka okha. Kompyuta inandichenjeza m'Chingerezi kuti mabatani awiriwo ali kale ndi ntchito yosunga zolemba. Ndinati mumtima, aliyense amasunga podina kachithunzi ka disiketi monga ndimachitira ine. Ndinayesa, moni unatuluka wonse kamodzin'kamodzi. Ndinayesanso kasanu chifukwa chokoma.

Amayi sindinawauze. Ndinkafuna adzadabwe okha, komanso mwana angayambe bwanji kuphunzitsa munthu wamkulu? Chimene sindinkadziwa n'chakuti, chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi, zala zawo zinazolowera kudina mabatani omwewo pamapeto a ndime iliyonse.

M'mawa mwake anandituma kutauni kukagula mapepala. Ndili konko kunabwera Bambo Chimwaza, kalipentala wa ku Mchesi, amene anali nkhoswe ya mwana wa mlongo wawo. Mwamuna wa mwanayo ankabwera kunyumba ngati mlendo, ndipo ataitanidwa kawiri kuzokambirana sanaoneke. Bambowa ankafuna kalata yotentha yopita kwa ankhoswe a kuchimuna ku Area 23, yowauza kuti banja latha. Amayi anataipa, maso papepala lomwe bambowo analembapo pamanja. Atafuna kagalasi kawo sanakapeze, ndipo bambo anali paliwiro. Anatulutsa makope awiri, bambo anasaina osawerenga poti magalasi anaiwala kuntchito, n'kunyamuka.

Nditafika Amayi anandifunsa komwe kunapita kagalasi. Ndinaulula za kusesa, anandikalipira pang'ono, ndinabwezera zonse. Za moni zija ndinangoti pakamwa tsekeni.

Patapita masiku awiri Bambo Chimwaza anatulukira, utuchi uli m'tsitsi, kope lawo lili m'manja. Ulendo uno magalasi anali nawo. Sanakhale pansi. Anawerenga ataima:

"Taleza mtima mokwana, ndipo mwana wathu tikumutenga. Chisomo ndi mtendere zikhale nanu, abale okondedwa mwa Ambuye. Mwana wanu ulemu alibe, ngati mbuzi ya pamsika. Chisomo ndi mtendere zikhale nanu, abale okondedwa mwa Ambuye."

Anawerenga choncho ndime zonse zisanu, kenako anavula magalasi.

"Amayi, ine ndinati mundilembere kalata. Za ulaliki ndili ndi abusa anga."

Amayi anakana kuti zimenezo sanalembe iwo. Anakhala pakompyuta, anataipa mzere umodzi, chala chinadina monga mwa chizolowezi, ndipo chisomo ndi mtendere zinatulukira pamaso pa tonse atatu. Anadinanso, zinabweranso. Anatembenuka pang'onopang'ono.

"Iwe mwana, wasesanso chiyani muno?"

Ndinapezeka ndagwada pasimenti, kufotokoza ndi mawu omwe ine ndemwe sindinkawamva. Amayi anapempha kuti alembe ina, koma bambo anati yoyamba ija inafika kale m'manja mwa eni ake, ndipo tsopano a ku Area 23 akuyesa kuti nkhoswe yazungulira mutu. Atachoka, Amayi anandiuza kuti ndimalize sabatayo, za kutsogolo tidzakambirana Lachisanu. Masiku atatu amenewo azakhali sindinawauze kanthu, koma chikwama ndinachitsitsa pamwamba pa kabati.

Lachisanu masana tinaona Bambo Chimwaza akubwera atanyamula kampando. Ndinaganiza zothawira kuseri. Analowa, anakaika pansi, nafotokoza kuti ankhoswe a kuchimuna anabwera dzulo lake ndi mkamwini uja, kalata ili m'thumba. Mkulu wawo akuti anaiwerenga katatu, n'kunena kuti anthu okwiya chotere koma otchula anzawo abale kasanu sanatseke chitseko. Mkamwini anagwada, anapepesa kwa mkazi wake pamaso pa onse, ndipo mkaziyo anavomera kumuyesanso.

"Ine ndikanatani?" anatero bambo. "Ndikane chisomo chomwe ndinasaina ndekha?"

Kenako analoza kampando kaja, kosalala, konunkhira vanishi.

"Aka n'ka mlalikiyu. Munthu woyanjanitsa mabanja asamakhale pakireti."

Amayi anadikira kuti bambo apite ndipo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Atatha anandilamula kuti mabatani awo ndiwabwezere ntchito yake nthawi yomweyo, iwo akuona. Ndinatero. Kenako anafunsa ngati moni uja sungaikidwe pamabatani ena osapweteka munthu, ndiponso ngati "Ine wanu mwa Ambuye" angakhale ndi ake. Ndinawasonyeza, ine wa ku Ntchisi, nditakhala pampando wanga, Amayi Mhango ataweramira paphewa langa akulemba m'kope.

Phunziro ndinalitenga: usanasese m'nyumba ya mwini, funsa chomwe chili chinyalala. (Komabe kabatani ka burashi ndi tizithunzi tina tiwiri ndinazichotsanso mwakachetechete sabata yotsatira, ndipo sanazifune.)

Madzulo amenewo, potseka, Amayi anandiponyera kiyi wa shopu n'kuti mawa nditsegule ndine, ndipo chikwama chinabwerera pamwamba pa kabati. Linali Lachisanu, pa 14 Novembala 1997.