Zitseko Zinayi za Galimoto ya a Zuze

Lolemba, 4 Febuluwale 1991

Analipo: a Zuze, dalaivala wa lole ya pafamu pano, mai Zuze, mkazi wanga amake Rute, ndi ine. Malo: m'shedi yanga yosokera maovololo.

Nkhani yake nayi. A Zuze agula galimoto yakale kwa mkulu wina wa ku Mhangura. Injini ikulira bwino, koma m'kati muli ngati munagona mbuzi. Mapanelo, matabwa opyapyala aja amakuta zitseko cham'kati, anavunda, nsalu yake ikungolendewera. Loweruka likubwerali mwana wawo Sesiliya akumanga ukwati ku tchalitchi cha ku Mvurwi, ndipo akwera galimoto yomweyi. Tsiku silingasunthe. Sabata yamawa Lenti ikuyamba, bambo mfumu sadalitsanso maukwati.

Tapangana: ndipange mapanelo atsopano a zitseko zinayi, $20 chimodzi, zonse $80. Andipatsiratu $40 ya zipangizo.

A Zuze akuti, "A Telala, mukakonza bwino ndikauza anyamata onse a mateksi ku Mvurwi. Zigamba za maovololozi muzisiya."

Benchi langa la ku Mvurwi ndaliona kale m'maganizo, kuseri kwa butchala, chikwangwani chili pamwamba.

Panelo ya galimoto sindinapangepo. Ndinakutapo mipando itatu ya mzungu ndi chishalo cha njinga. Palibe wandifunsa.

Madzulo ndikuchotsa akalewo. Tizipanira take ta pulasitiki tikungothyoka, thyo! thyo! thyo! Palibe kopulumuka. Zomwe ndapeza m'kati mwa zitseko:

zitsononkho ziwiri
sipuni
chisa cha makoswe, eni ake kulibe
5 senti ya nthawi ya Rodeshiya, ndapereka kwa a Zuze

Mapanelo atatu aphwanyikira m'manja ngati bisiketi yonyowa. Yatuluka yathunthu ndi imodzi, ya kutsogolo kumanzere. Imeneyo ikhala patani ya akutsogolo onse awiri. Akumbuyo ndawajambula papepala lokutira mabelo a fodya.

Ndayeza chitseko chimodzi katatu, katatu konse manambala akusiyana.

Lachiwiri, 5 Febuluwale

Ndakwera lole ya a Zuze yokatenga malasha ku Mvurwi. Ndagula:

hadibodi, thabwa limodzi lalikulu, $14.50
lekizini, nsalu yokutira yonga chikopa, mamita atatu, $21.00
siponji yopyapyala, $6.00
guluu, kachitini, $8.75

Zonse $50.25. Yoposerayo, $10.25, ndatenga m'chitini cha amake Rute cha ndalama za tomato. Andibwereka, koma anawerenga kawiri akundiyang'ana m'maso.

Mai Zuze amafuna lekizini wofiira. M'sitolo muli wobiriwira yekha. Wogulitsa akuti wofiira afika mwezi wamawa, ndipo akuti mwezi wathanso ananena chimodzimodzi. Ndatenga wobiriwira.

Pobwerera, mvula! Ine ndi hadibodi tili pamwamba pa malasha. Ndalifunditsa jekete langa. Jekete lakwana ngodya imodzi yokha. Tafika pafamu thabwa lalemera ngati bulangeti lochapa, ine ndada bii.

Mai Zuze abwera kudzaona. Akuti, "Wobiriwira? Nhai a Telala, mwana wanga ndi dimba?" Kenaka akuti popeza mtundu walakwika, ndiwonjezere mizere yosoka ngati ya pa sofa ya kwa manijala, ndiponso kathumba koikamo buku la nyimbo. Mtengo womwewo.

Ndavomera. Pakamwa panga pamavomera ine ndisanaganize.

Thabwa ndaliimika kukhitchini. Amake Rute akuphika cham'mbali ngati nkhanu.

Lachitatu, 6 Febuluwale

Maovololo anayi a anthu othyola fodya abwera ong'ambika. Ndawabisa pansi pa tebulo.

Ndadula mapanelo onse anayi. Sowo ndi ya ku wekishopu, mano ake ena anatsala ku Rodeshiya. Hadibodi yonyowa sidulika, imatafunika. Ndaboola mabowo a chopukusira galasi ndi a chotsekulira chitseko. Ndasoka mizere pa lekizini, isanu ndi umodzi pa panelo iliyonse, siponji ili pansi. Yawongoka! Ndaiyang'ana nthawi yaitali. Ndaitana amake Rute kuti adzaone, akuti, "Eya, yawongoka. Nanga tomato wanga?"

Ndamata onse anayi. A kutsogolo agwirako, chifukwa anachokera pa ngodya ya jekete ija. A kumbuyo ayi. Ndikamata uku, uko kukutukuka. Ndikakanikiza uko, uku kukuseka. Mvula sikuleka, mpweya wonse ndi madzi.

Adutsa a Chikuse, amene amasonkha moto wa mabalani a fodya. Ayima, ayang'ana, akuti, "Achimwene, mukuvutikiranji? Fodya wamuwisi amauma gwa m'balani. Ndiye kathabwa aka katikanike?"

Ndafunsa za kutentha. Akuti balani lachitatu lero likuumitsa tsamba, moto wake ndi wapakati. Akuti iwo amayanikamo malaya ndi masokosi chaka chilichonse.

Zikumveka. Talowetsa a kumbuyo awiri, tawaimika pafupi ndi mipaipi ya moto, tatseka msanga kuti kutentha kusathawe. A kutsogolo ndawasiya kunyumba, pansi pa matiresi. Sindikudziwa chifukwa chake. Mantha basi.

Ndikungozungulira. Ndapita kukayang'ana chitseko cha balani kawiri. Ndi chitseko chabe.

Lachinayi, 7 Febuluwale

Mayo ine!

Zomwe a Chikuse sanandiuze: tsamba likauma amakweza moto kuti uumitse mtsempha wapakati. Zomwe ine ndinaiwala kufunsa: amakweza liti. Anakweza dzulo lomwelo, chifukwa manijala akufuna balanilo lipakulidwe msanga, fodya wina akudikira.

Tawatulutsa m'mawa. Imodzi yapindika ngati lichero. Inayo yapotoka ngati chikopa cha mbuzi choiwalika padzuwa. Lekizini wakwinyika, wathawa m'mphepete monse. Siponji yasanduka chinthu china chopanda dzina. Kathumba ka buku la nyimbo kadzimata kokha, simungalowe ngakhale chala.

A Chikuse akuti, "Koma kuuma kokha auma."

Manijala wanunkhiza fodya wa m'munsi. Akuti akununkha nsapato zatsopano. A Chikuse amuuza kuti ndi gambuti zawo. Gambuti za a Chikuse zili ndi zaka zofanana ndi Rute wanga, koma manijala sanayang'ane pansi. Tapulumuka.

Zoyesa kuwongola:

kuwaza madzi ndi kupondapo: ayi
kusanjikapo matumba awiri a feteleza: ayi
kupempha wa thirakitala apondetse tayala pang'onopang'ono: inde, yawongoka, koma m'zidutswa zitatu

Hadibodi yotsala ndi yokwana chivundikiro cha ndowa. Lole sipita ku Mvurwi mpaka Loweruka. Chitini cha tomato amake Rute achisamutsa, sindikudziwa kuli.

Mai Zuze afika masana akuchokera kophunzira nyimbo za muchato, ukwati ujatu. Zowonongekazo ndaziponya pansi pa tebulo, pamwamba pa maovololo, omwe tsopano ndi asanu ndi imodzi. Ndawaonetsa a kutsogolo okha. Asisita mizere ndi chala. Akuti, "Zvakanaka, zili bwino. Wobiriwirayu akuyamba kundikomera. A kumbuyo ali kuti?"

Ndati akupuma.

Ndikuwerengera: awiri abwino mwa anayi ndi theka. Theka si manyazi athunthu.

Lachisanu, 8 Febuluwale

Analipo: a Zuze, ine, ndi nkhuku zawo.

Za a kumbuyo ndawauza. Avula chipewa, achivalanso. Akuti, "Ikani omwe alipowo, tione."

Kumanzere kutsogolo: yalowa! Mabowo onse akumana ndi zitsulo zake. Popeza tizipanira tija tinathyoka, ndamanga ndi masikuluu a ku wekishopu, omwe amamangira matabwa a ngolo ya fodya. Ndi aatali pang'ono, koma agwira nji. Galasi ndinalitsitsa kuti ndizigwira bwino chitseko. A Zuze akhala pampando, atseka, atsekula, atsekanso. Akuti, "Iyi ndi ya ku Harare iyi!" Ndayang'ana pansi kuti asaone mano anga.

Kumanja kutsogolo: ndanyamula panelo, ndaiyika pachitseko. Bowo la chopukusira lili kumbuyo, chitsulo chake chili kutsogolo. Ndaitembenuza. Mabowo akumana bwinobwino, koma lekizini wayang'ana kuchitsulo, thabwa lamaliseche layang'ana kwa dalaivala.

Ndaima. Ndatembenuzanso. Chimodzimodzi.

Chitseko cha kumanja n'chotembenuka, ngati nsapato. Patani inali ya kumanzere, ndipo ine ndinamata onse awiri mbali imodzi. Ndapanga amanzere awiri. Ine amene ndasoka manja a malaya zaka zonsezi!

A Zuze akuti, "A Telala, kapena ndikagule galimoto ina, kuti tipeze chitseko china cha kumanzere?"

Ndayesa kumatula kuti ndimate kuseri. Guluu amene wakana sabata yonse, pano wagwira ngati ngongole. Lekizini wachoka ndi khungu la thabwa, wang'ambika pakati pa mzere wachitatu.

Zotsala: panelo imodzi. Zitseko zitatu zili pululu, zitsulo ndi girisi poyera, ndipo mawa mukhala diresi loyera.

Amake Rute abwera kudzandiitana, apeza tonse awiri takhala pansi. Ayang'ana galimoto. Akuti, "Mkwatibwi akhale kutsogolo, pa chitseko chabwinocho. Zinazo tikute ndi zitenje." Apereka zawo ziwiri, mai Zuze chimodzi. Tamanga ndi ulusi wosokera mabelo. Cha dalaivala chili ndi maluwa achikasu. Sizikuoneka zoipa kwambiri ukaima patali, n'kutsinzina diso limodzi.

Mai Zuze sakundilankhula. Akulankhula ndi nkhuku, koma mawuwo ndi anga.

Loweruka, 9 Febuluwale

Tsiku la ukwati. Kwacha bwino, dzuwa lili phwee.

Galimoto patsogolo: a Zuze akuyendetsa, Sesiliya pambali pawo, kumbuyo mai Zuze ndi azakhali ake a mkwati, mawondo atawapanikiza pakati kuopa girisi. Ife a kwaya ndi ena onse a m'komboni tili pa lole pambuyo, woyendetsa ndi wa thirakitala uja. Ndaima kutsogolo kwenikweni kuti ndizionera chitseko changa, ngakhale kunja sichioneka.

Tangodutsa pa dibi la ng'ombe, kwada. Mvula ya mbali, yochokera kumanzere.

Magalasi atatu akwera. La mkwatibwi lakwera zala zitatu, laima. Latsika. Lakweranso zala zitatu, laima. Masikuluu aatali aja! Imodzi yatulukira m'njira ya galasi. Dzulo sindinayese kulikweza. Ndinayesa zonse, kupatula chimenecho.

Ndikuona mutu wa a Zuze ukuweramira kumanzere, galimoto ikupita uku ndi uku. Akupukusa ndi mkono wozolowera lole. Ndikukuwa kuti, "Musakakamize!" koma kwaya ili pa vesi yachiwiri.

Kenaka galasi palibe. Akuti linangoti phwa, n'kugwera m'kati mwa chitseko ngati mchere. Palibe wavulala, Mulungu ngwabwino.

Patapita kanthawi, pawindo patuluka ambulera yakuda ya mai Zuze, yatambasuka. Tayenda choncho mpaka ku Mvurwi, mkwatibwi atagwira ambulera kunja kwa galimoto ndi dzanja la golovesi. Pa lole anthu aleka kuimba. Akugwirana mapewa, misozi ili mbwe. Amake Rute akuyang'ana kumapiri.

Tchalitchi chili pafupi ndi pomwe pamaima mateksi. Anyamata aja abwera onse, azungulira galimoto. Atsekula chitseko, chalira tseketseke ngati chisekese. Asuzumira zitenje. Mmodzi wafunsa a Zuze kuti mmisiri wake ndani. A Zuze asunga lonjezo lawo. Andiloza ndi chala, atchula ndi dzina lomwe, mokweza, kawiri.

Mnyamatayo wandigwira chanza. Akuti, "Mudhara, yanga ili ndi zitseko zinayi, koma akazi anga ali ndi chitenje chimodzi. Mungaikwanitse?"

Ndaseka nawo. Nanga n'kutani?

Ukwati wadalitsidwa. Sesiliya wanyowa phewa limodzi ndi theka la velo. Potuluka wandipeza pakhomo, akuti, "A Telala, musadandaule. Njira yonse ndimawerenga mizere yanu kuti ndisalire. Ndi yowongoka." Mwana waulemu. Pobwerera mwamuna wake wakhala mpando wakumbuyo, pakati pa apongozi ndi azakhali, buluku lake latenga girisi kuyambira m'chiuno mpaka m'bondo.

Kuphwando ndakhala pafupi ndi a Chikuse. Akuti velolo akhoza kuliumitsa m'balani. Ndasamukira benchi lina.

Lamulungu, 10 Febuluwale

Analipo: a Zuze, amake Rute, ndi ine. Mai Zuze atumiza mawu, sindiwalemba.

Tikuchokera ku mapemphero. Takhala m'shedi. A Zuze sanakalipe. Abweretsa nyama yotsala ya phwando m'kambale, ndiye zandipweteka koposa.

Ndachotsa panelo yabwino ija, ndakokolola magalasi m'chitseko, adzaza chitini cha jamu. Ndadula masikuluu ndi sowo ya zitsulo, ndaibwezera. Tsopano palibe chotchinga njira ya galasi. Galasi lake ndi lomwe palibe. Pawindo tamanga pulasitiki ya thumba la feteleza.

A Zuze akuti zitseko zitatuzo akazipereka kwa mmisiri wa ku Chinhoyi akalandira bonasi ya fodya. Panelo ya kumanzere yachiwiri ija akuti ndisunge, mwina tsiku lina ndidzakumana ndi galimoto yake.

Za benchi la kuseri kwa butchala sitinakambe. Pansi pa tebulo pali maovololo asanu ndi anayi, ndipo kapitawo akuti mawa anthu ake sapita kumunda matako ali pamtunda. Ndathira mafuta m'makina. Ovololo ili ndi kuipa kwake, koma ilibe galasi.

Tawerengera pamodzi. Chitseko chimodzi avomera kulipira, $20. Pa $40 anandipatsa ija ndibweze $20. Galasi lakale ku Chinhoyi akuti ndi $35, ndipo ndi langa. Ndizipereka $5 mwezi ndi mwezi, kuyambira pa 28 Febuluwale. Zitenje amake Rute akuti tikambirana patokha.

Kwa amake Rute: $10.25.
Kwa a Zuze: $55.00.
Yonse yotsala: $65.25.