Mafiriziti m'chipewa pa boda ya Mwami

Chipewa changa chakuda, chimene ndinapita nacho kutchalitchi kwa zaka zambiri, pano nkhuku imaikiramo mazira kuseri kwa nyumba yathu ku Navutika, m'Chipata. Anthu akandifunsa ndimati chinandichepera. Lero ndiulule zoona, poti mayi akunyumba anayamba kale kuziulula m'malo mwanga, ndipo amawonjezera mchere.

Mwana wa mlongo wanga, Yohane, anapeza mbeta ku Mchinji, tsidya la Malawi. Ine monga malume wake ndinali nkhoswe, woti ndikapereke tambala ndi kulandira thadzi pa chinkhoswe. Tsiku loyamba limene akuchikazi anatipatsa tinalephera chifukwa cha maliro, ndiye anatumiza mawu akuti tikalepheranso adziwa kuti tikusewera ndi mwana wawo. Yohane ndi abale ena anatsogola Lachisanu. Ine ndinati ndiwapeza Loweruka m'mawa, ndipo mnyamatayo anandigwira dzanja nthawi yaitali ngati akudziwa kanthu.

Inali nyengo imene kunkamveka za Ebola m'mayiko ena, moti pa boda aliyense ankamuloza pachipumi ndi kamfuti koyezera kutentha kwa thupi. Unalinso mwezi wa Okutobala. Ine ndinavala suti, kajekete kam'kati, tayi ndi chipewa (ndinaphunzitsa sukulu mpaka kupuma, ndipo sindikanakalankhula ukwati nditavala ngati ndikupita kudimba). M'takisi yochokera m'Chipata tinapanikizana anthu asanu ndi awiri. Tisanafike ndi pakati pomwe, thukuta linali litafika m'masokosi.

Bambo wina amene ndinagawana naye mpando wakutsogolo anandiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Atate, manje na mmene mwapsera apa, ka mfuti kaja kazalira. Kakalira chabe, ni mu tenti masabata awiri. Mulamu wanga anagona mmenemo."

Sindinamufunse dzina la mlamuyo. Ndinangoona nkhope ya Yohane, tambala ali m'manja, wopereka palibe. Mantha anandigwira kwenikweni.

Titatsika pa Mwami ndinaona mayi akugulitsa mafiriziti, timadzi totsekemera tija toumitsa m'timapepala tapulasitiki. Nzeru inabwera yokha. Ndinagula awiri ofiira (ndiwo anali olimba kwambiri), ndinapita kuseri kwa lole, ndinawaika pamphumi n'kuvindikira ndi chipewa. Kunena zoona ndinamva bwino, mpaka ndinadziyamikira kuti sayansi imene ndinkaphunzitsa ija sinapite pachabe.

Mbali ya Zambia ndinadinditsa chiphaso bwinobwino. Vuto linali pamzere wolowera ku Malawi, chifukwa unali wautali ndipo dzuwa silinkaona nkhope. Nditafika kutsogolo ndinapeza namwino, mayi wojintcha wovala chotseka pakamwa. Ndinakankhira chipewa m'mwamba pang'ono. Analoza, anayang'ana, anagogoda kamfutiko pachikhatho, analozanso.

"Bambo, kachipangizo aka kakuti inu munamwalira dzulo."

"Ndine wozizira magazi, sisita. Kwathu tonse tili choncho."

Nthawi yomweyo ndinamva chinthu chikuyenda kuchokera m'chipewa, kutsika pakati pa maso, kudzaima pansonga ya mphuno. Chinadontha pakolala yoyera. Chinali chofiira.

"Magazi!" anakuwa mayi amene anali kumbuyo kwanga.

Sindinaonepo mzere ukutha msanga chotero. Wina anasiya thumba la mbatata, wina nsapato imodzi. Mnzanga wam'takisi uja, mwini malangizo, ndinamuona akusamba m'manja pa ndowa ya kolorini mpaka m'zigongono. Ndipo tenti ija ndinkaithawa, ndinalowamo ndi miyendo yanga, namwino akundilozera njira ali patali.

Apa munthu wanzeru akanangovula chipewa. Koma mkulu wa mpingo, wa imvi, angaonetse bwanji mafiriziti pamutu? Namwino anabwera atavala zoyera thupi lonse, magolovesi awiriawiri, n'kuyamba mafunso. Mwasanzako? Ayi. Mwayenda kuti posachedwapa? Ku Kasenengwa basi, kukaona mbuzi. Kenako anati ndivule chipewa.

"Pepani sisita, sizingatheke. Pamwambo wathu nkhoswe sivula chipewa isanapereke tambala."

(Mwambo umenewu ndinaupeka pompo. Makolo andikhululukire.)

"Chinkhoswe chili kuti?"

Ndinatchula mudzi. Anabwereza dzina la mudziwo pang'onopang'ono, koma ine sindinalabadire chifukwa njuchi ziwiri zinali zitalowa m'tenti. Zinazungulira namwino, sizinapeze kanthu. Zinabwera kwa ine n'kutera pakolala. Posakhalitsa zinali zisanu. Imodzi itafuna kulowa m'khutu ndinaikupiza, dzanja linagunda chipewa, chipewa chinagwa. Firiziti imodzi inagwera pamwendo panga ikadali yamphumphu. Inayo inatsalira padazi, itaphwa.

Namwino anatola yamphumphuyo ndi zala ziwiri. Mapewa ake anayamba kugwedezeka. Anatuluka, ndipo ndinamva kuseka kukuyenda kuchokera patenti mpaka kumene amaimika malole.

Anandisungabe maola awiri kuti mutu ubwerere mwakale ayeze zoona. Atayeza, kutentha kwanga kunali kwabwinobwino, ngati kwa munthu aliyense.

"Mukanangokhala pamthunzi mphindi khumi, bambo, bwenzi pano muli kutali."

Ndinafika kumudziko dzuwa litapendeka. Akuchikazi anali atayamba kupinda mphasa, Yohane maso ali psu. Ndinagwada, ndinapepesa, ndinati pa boda panali chipwirikiti cha munthu wina wodwala (bodza lenileni silinali). Anakambirana kumbali, kenako anayalanso mphasa. Tambala ndinapereka, thadzi ndinalandira, kolala nditaibisa ndi mpango wa mlongo wanga.

Itakwana nthawi yolangiza ana, ndinaimirira mtima uli m'malo. Ndinawauza kuti banja limalimba ndi chilungamo, ndipo chobisa chimaululika. Ndili pakati, panafika mayi wojintcha atavala chitenje chofanana ndi cha akuchikazi onse. Anati ndi azakhali a mkwatibwi, achedwa chifukwa anali kuntchito. Nkhope sindinaidziwe, koma mawu ndinawadziwa atangopereka moni.

Anadikira ndimalize. Kenako anabwera mwaulemu wonse, anagwada patsogolo panga, n'kundipatsa kanthu kozizira ndi manja awiri.

"Asewere, kwatentha. Koma iyi ndi yapakamwa."

Za pa boda sanauze munthu, ndipo mpaka lero ndimawalemekeza mayi amenewo kuposa abale anga ena. Firizitiyo ndinaiyamwa pamaso pa anthu onse mpaka kutha. Nkhaniyo inakafika ku Navutika kudzera mwa mnzanga wam'takisi uja, ine ndisanabwerere n'komwe.

Ukwati ulipo, ali ndi ana awiri. Mayi akunyumba amati phunziro lake n'lakuti nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Ine ndimavomera kuti nkhani ithe. Koma ndikakhala ndekha ndimaganizabe kuti m'bokosi la mayi wogulitsa uja munalinso mafiriziti oyera, opanda mtundu, ndipo ndinawaona.