Golovesi Yanga mu Tiyi wa Bwana

Nkhani iyi ndinkafuna kupita nayo kumanda, koma poti mnzanga Mutinta wayamba kale kuifalitsa mothira mchere, bola muimve kwa mwini wake.

Nthawi imeneyo ndinali nditagwira ntchito zaka zinayi pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Romford, dera lina la ku London, ndikukhala ku Barking chapafupi pomwepo, mafoni athu akadali a mabatani aja. Ntchito ndinkaidziwa, sikudzitama ayi. Wokalamba aliyense ndinkadziwa mankhwala ake, phala lake, ngakhale mbali imene amakonda kugonera. Koma malo a mkulu wa shifiti atatuluka kawiri, kawiri konse anapatsa anthu amene ndinawaphunzitsa ndekha kuyala bedi. Zinandiwawa kwambiri, moti ulendo wachiwiriwo ndinalira m'basi kuchokera ku Romford mpaka kunyumba. Nditafunsa chifukwa, manejala wathu, Mayi Hilary, anandiuza mosabisa kuti pa intavyu ndimalankhula ndi nsapato zanga. Nanga ndikanatani? Kwathu ku Ntcheu mwana wamkazi woyang'ana wamkulu m'maso ndi wamwano. Ine ndinkapereka ulemu, azungu ankaona munthu wamantha.

Malowo atatulukanso kachitatu, Mutinta, mnzanga wa ku Zambia amene tinkagwira limodzi, anandikokera pambali.

"Iwe Tadala, uzankala uyangana pansi mpaka liti? Pa Saturday tiyende ku class. Ni ya confidence, ya bakazi chabe."

"Class yake yotani?"

"Uzaona. Ubwele na ma heels."

Ine m'mutu mwanga ndinati ndi semina, ndiye ndinatenga kope, mabolopeni awiri, n'kuvala suti yanga ya kutchalitchi. Tinakwera m'chipinda china pamwamba pa shopu ya makapeti, khoma lonse magalasi okhaokha, tebulo ngakhale limodzi mulibe. Munali azimayi oposa khumi, ena onenepa kuposa ine, ena a imvi ndithu, aliyense atakoloweka nthenga m'khosi. Mphunzitsi wake, Mayi Doreen, munthu wamkulu msinkhu wa azakhali anga, milomo ili psuu, ndi amene anandiuza dzina la zimene ndinabwerera: burlesque. Ndi gule wa pa siteji amene mzimayi amavina monyada ndi mwanthabwala, uku akuvula zovala pang'onopang'ono, anthu n'kumaomba m'manja. Ndinacheukira kuchitseko, ndinapeza Mutinta waima pomwepo atapinda manja.

"Iwe, paja ine ndine wa kwaya," ndinamunong'oneza.

"Na ine," anatero. "Vula jacket."

Kunena zoona, palibe amene anavula choposa magolovesi ndi nthenga zija. Za m'chiuno sanandiphunzitse kanthu, ine wodutsa m'manja mwa anamkungwi a kwathu ndinkangowamvera chisoni azungu aja akugwedeza thupi lonse ngati minibasi pa msewu wa mabampu. Chimene chinandivuta ndi kuima basi. Mayi Doreen ankati ukalowa pakhomo usathamangire mpando ngati waba kanthu. Ima, werenga mpaka katatu, yang'ana munthu aliyense m'maso, iyeyo ndiye ayambe kuphethira. Ankati mzimayi amene sapupuluma ndiye mwini chipinda, ndipo chinthu chikalakwika pa siteji usathawe, pitiriza ngati unachita kufuna.

Kenako linabwera phunziro la golovesi. Umaluma nsonga ya chala chimodzi n'kukoka, chinanso n'kukoka, maso ali pa anthu, ikavuka umaizunguza m'mwamba kawiri n'kuiponya kumbuyo osacheuka. Tinabwereza zimenezi Loweruka lililonse kwa mwezi ndi theka, ndipo kunyumba ndinkayeserera ndi magolovesi otsukira mbale, chitseko nditakhoma. Ndisaname, ndinayamba kuzikonda. Ndinayamba kuyenda mutu uli m'mwamba, mawu anga pa shifiti anayamba kumveka mpaka kumapeto kwa khonde, ndipo tsiku lina ndinabweza nsomba yoonongeka ku msika osapepesa ngakhale kamodzi.

Intavyu inali mu Januwale, kuzizira kolowa m'mafupa kuja. Ndinavala siketi yothina imene anandisankhira Mutinta, gogoda, kajekete kakafupi kogwira m'mapewa, ndi magolovesi akuda achikopa. Basi inachedwa, ndinafika akuitana kale dzina langa, osapeza mpata wovula kalikonse. Ndinagogoda, ndinalowa, ndinaima. Wani, thuu, fili. Patebulo panali anthu atatu: Mayi Hilary, nesi wamkulu wa panyumbapo, ndi bambo wina wadazi wochokera ku likulu la kampani, Bambo Graham, kapu ya tiyi ili patsogolo pawo. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi. Bambo aja anaphethira, ine mumtima ndinati eya, lero Ntcheu yafika.

Bambo Graham anaimirira n'kutambasula dzanja kuti tipatsane moni. Tsono inu mukudziwa, munthu wamkulu sungamupatse dzanja lili m'golovesi, ndi mwano umenewo. Ndinayenera kuvula. Koma dzanja lamanzere linali litanyamula chikwama ndi fayilo ya masatifiketi, ndiye thupi, osafunsa n'komwe kumutu, linangochita zimene linaphunzira. Ndinaluma chala choyamba. Ndinaluma chachiwiri. Maso ali pa Bambo Graham osaphethira, phewa likutsika lokha, bambo aja dzanja lili m'malere, dazi likufiira kuyambira pachipumi mpaka kunkhongo. Pofika chala chachinayi ndinadziwa ndithu kuti ndikuchimwa, koma munayesapo kusiyira kuyetsemula pakati? Golovesi inavuka, ndinailanda pakamwa, ndinaizunguza kawiri, ndinaiponya. M'kalasi inkapita kumbuyo bwinobwino. Tsiku limeneli kajekete kaja kanandimanga mkono, golovesi inalowera kutsogolo n'kukatera mu tiyi wa Bambo Graham, phava! Tiyi pa mapepala, tiyi pa tayi, dontho lina pa magalasi a Mayi Hilary.

Apa Mayi Doreen anatuluka m'mutu mwanga, munalowa mayi anga ondibereka. Ndinagwada. Pakapeti pomwepo, pamaso pa azungu atatu, chikwama ndi fayilo ndataya uko, ndikuomba m'manja mwaulemu n'kumati pepani bwana, pepani ndithu, ndipo zonsezi m'Chichewa. Nesi wamkulu anaganiza kuti ndikukomoka, anazungulira tebulo chothamanga n'kundigwira pamkono kuti amve kugunda kwa mtima, uku akufunsa ngati ndadya m'mawa. Ine pofuna kuwaonetsa kuti ndili bwino ndinadzambatuka, ndipo siketi ya Mutinta inayankha kumbuyo, kwee, kuyambira m'munsi mpaka pamalo pamene sindingatchule pagulu. Ndinabwerera pamaondo.

Ndiye tandiuzani, mukanakhala inu mukanatani? Kuimirira sikutheka, kutembenuka kuti ndituluke ndiye kuonetsa likulu la kampani zonse. Misozi inali itafika kale m'maso. Koma ndinaganiza za anthu awiri aja amene ndinawaphunzitsa kuyala bedi, ndinati ayi, ndikatuluka muno chokwawa ndidzakhala wowayalira bedi mpaka ukalamba. Ndipo pali chinthu chimodzi chimene mzimayi wa ku Malawi sayenda osanyamula, kaya ali ku Lizulu kaya ali ku London. Ndikadali chogwada ndinakoka chikwama, ndinatulutsa chitenje, cha kwaya yathu chija cha nkhunda ndi mitanda, ndinachikutumula kamodzi, ndinachimanga m'chiuno mosapupuluma, maso ali pa anthu anga atatu. Anzanga m'kalasi ankavula pamaso pa anthu, ine ndinavala. Ndinadzuka, ndinavuula golovesi mu tiyi muja, ndinaifinyira m'sosala, ndinakhala pampando.

"Ndakonzeka," ndinatero. "Funso loyamba."

Mayi Hilary anali ataluma bolopeni, mapewa akugwedezeka. Bambo Graham, akupukuta tayi ndi kansalu, anatola pepala lonyowa n'kuwerenga zimene zinalembedwapo, poti azungu pa intavyu sasintha funso ngakhale nyumba ikupsa.

"Tiuzeni za nthawi ina imene zinthu zinasokonekera mwadzidzidzi, ndipo munachitapo chiyani."

"Mukufuna yakale," ndinafunsa, "kapena ya lero lomwe?"

Nesi wamkulu ndiye anayamba kuseka, mpaka anatuluka kukamwa madzi. Atabwerera ndinayankha mafunso onse, za mankhwala, za ogwira ntchito ojomba, za achibale ovuta, ndipo sindinayang'ane nsapato ngakhale kamodzi. Ndikanachitanso manyazi ndi chiyani? Manyazi onse anali atathera pakapeti paja. Potuluka ndinawapatsa moni wa dzanja onse atatu, ndinayenda mu khonde ndi gogoda ndi chitenje cha kwaya, okalamba anga akundiyang'ana ngati mlendo.

M'mawa mwake Mayi Hilary anandiitanira ku ofesi, ine ndinapita nditakonzeka kumva kuti ngakhale ntchito yakale ija yatha.

"Malo aja ndi anu, Tadala," anatero. "Bambo Graham akuti munthu amene angadzuke pamene munagwera paja n'kupempha funso loyamba, palibe shifiti imene ingamugonjetse."

Ndinatsala pang'ono kugwadanso, koma ndinagwira tebulo.

"Angopempha chinthu chimodzi," anapitiriza Mayi Hilary. "Akamabwera kudzayendera nyumba ino, muzidziwitsidwa nthawi ikadalipo, kuti azikupezani mutavula kale magolovesi."

Tsono inu mukudziwa ntchito yathu, magolovesi a pulasitiki timavala ndi kuvula tsiku lonse, chipinda chilichonse peyala yatsopano. Mpaka lero, ine mkulu wa shifiti wathunthu, woyang'ana madokotala m'maso, ikafika nthawi yovula ndimatembenukira kukhoma, kutseka pakamwa kuti mano asayerekeze, n'kuvula ndi manja awiri ngati Mkhristu. Ndipo tiyi akakhala pafupi, ndimayamba ndamusuntha.