Mmene ndinaphera bambo a Asiyatu ali moyo ku Joni

Mpaka lero ndikatsika minibasi pa Rivirivi, amayi ogulitsa tomato amakodolana n'kumanong'onezana kuti, "Wafika uja, wa maliro uja." Ndiye ndati ndifotokoze ndekha mmene zinayendera, chifukwa nkhani imene ikuyenda kunjaku yafika pomera nyanga.

Amuna anga, bambo a Asiyatu, anapita ku Joni mwanayu akukwawa. Poyamba ankaimba foni madzulo alionse. Kenako Lachisanu lokha. Kenako zii. Mauthenga anga ankafika ndithu, timizere tiwiri tija tinkaoneka, koma yankho ayi. (Amene muli ndi amuna ku Joni mukutidziwa timizere timeneti. Munthu umatiyang'ana mpaka maso kuwawa.)

Kuti mutu usazungulire, ndinalembetsa kosi yaifupi yopanga mafilimu pa kakoleji kena ku Balaka. Satifiketi ya zamakompyuta ndinali nayo kale, koma inkangogona m'sutikesi. Tisanagwire n'komwe kamera, aliyense anayenera kubweretsa nkhani ya filimu yake. Yanga sindinachite kuisaka: mayi amapita pa siteshoni ya sitima ku Nkaya kukadikira mwamuna wake.

"Ndiye kenako?" anafunsa aphunzitsi.

"Akudikirabe."

"Mayi, munthu wongodikira si filimu, chimenecho ndi chithunzi. Pachitike kanthu. Mupheni mwamunayo."

Ndinavomera. Anawonjezera kuti tisamalembe za m'mutu, tikafunse anthu odziwa. Munthu akamwalira ku Joni, uthenga umafika bwanji kumudzi? Thupi amabwera nalo ndani? Ine ndi nzeru zanga zonse ndinaona kuti wodziwa bwino zimenezi ndi apongozi anga, poti kumudzi kwawo ku Rivirivi amuna anathera ku Joni komweko.

Ndinatenga anzanga awiri a m'kalasi, Limbani wa kamera ndi Mphatso wojambula mawu. Aphunzitsi anali atatiuza kuti opanga filimu amavala zakuda pa ntchito, ndiye anzangawo, pofuna kuoneka akatswiri, anabwera ali bii kuyambira kumutu mpaka kumapazi, chonsecho kamera tinaisiya. M'njira ndinawalangiza kuti, "Apongozi anga sakonda chibwana. Zipewa muvule, musaseke, mulankhule motsitsa." Asiyatu ndinamusiya kwa aneba kuopa dzuwa, ndipo sindinaimbe foni kunena kuti tikubwera. (Mwana wa pakhomo amachita kupempha kubwera?)

Tsono taganizani zimene apongozi anaona. Mkazi wa mwana wawo watulukira mwadzidzidzi pakati pa sabata, wopanda mwana, pambuyo pake amuna awiri achilendo ovala zakuda, zipewa zili m'manja, nkhope zili gwa. Kwathu kuno uthenga wa imfa sauponya ngati mwala. Amabwera nawo anthu otere, amakhala pansi, n'kuyamba kuzungulira.

Tinakhala pamkeka. Ine ndinayamba kuzungulira.

"Amayi, bambo a Asiyatu munalankhula nawo liti komaliza?"

"Papita nthawi. Kwagwanji?"

"Iyayi, ndangofunsa. Kodi amayi, munthu akatisiya ali ku Joni, thupi limabwera bwanji?"

Apa m'pamene ndikanatchula za filimu. Koma funsolo litangotuluka pakamwa panga, ndinawaona m'maganizo amuna anga ataima pakhomo ndi chikwama tsiku limene ankanyamuka, akundiuza kuti abwerera chimanga chisanache. Misozi inangoti mbwee, mawu osatuluka. Limbani, pofuna kundithandiza, anaweramitsa mutu nati, "Pepani amayi, tikudziwa kuti ndi nkhani yovuta."

Lichero la nandolo limene apongozi ankasankha linagwera uko. "Mayo ine! Yusufu mwana wanga!"

Sindinadziwe kuti mudzi ungasonkhane msanga chotero. Azimayi ankabwera chothamanga akumanga zitenje m'njira. Ena anayamba kutulutsa mipando m'nyumba, wina analiyatsa liwiro kukaitana a Shehe. Ndikati ndikuwe kuti ndi filimu, azimayi ankandigwira mapewa n'kumati, "Lirani mayi, musazisunge mumtima." Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinkaliradi. Ndinali nditazisunga nthawi yaitali.

Kumbali ya azibambo, a Che Saidi, amalume awo a amuna anga, anamukokera Mphatso pansi pa mtengo wa mango.

"Inu munali naye pomwalira? Chamutenga n'chiyani?"

"Iyayi bambo, sitinagwirizanebe kuti afe bwanji. Ine ndimati ngozi ya galimoto, koma mayi a Asiyatu akuti matenda."

A Che Saidi anamuyang'ana Mphatso kuyambira kunsapato mpaka kumutu. Anangotulutsa foni m'thumba la mkanjo n'kuimbira mphwawo wina ku Joni. Uyo anaimbira mnzake, mnzakeyo anaimbira wina, mpaka foni inalira pakati pa azimayi olira. Inali yanga.

"Iwe mayi a Asiyatu, ndikumva kuti ndafa?"

Apa munthu wanzeru akanalakalaka nthaka itang'ambika. Ine ndinangoigwira foni ija ndi manja awiri ngati ingathawe.

"Muli bwanji, bambo a Asiyatu?"

"Ndili bwanji chiyani? Anthu adzaza pakhomo pano, ena akundiyang'ana ngati mzukwa!"

"Koma mukudya?"

Mawu awo anatsika. Anati ntchito inawathera kalekale, ndipo ankachita manyazi kuimba ali chimanjamanja. Apongozi anatsomphola foniyo n'kuyamba kumukalipira mwana wawo m'Chiyao, misozi ikutsikabe. Atathana naye anatembenukira kwa ine. Zimene ananena sindingazilembe pano. A Shehe, amene anafika ali wefuwefu, anangopukusa mutu n'kuuza anthu kuti abweze mipando m'nyumba.

Ndiye inu amene mukuphunzira za mafilimu, mukapita kukafunsa anthu, tchulani za filimuyo musanakhale pamkeka. Zimenezo ndaziphunzira ndipo ndinapepesa banja lonse mogwada. Koma zoti ndikunong'oneza bondo, ndingakunamizeni.

Nditabwerera ku Balaka amuna anga anaimbanso, ati kuti amalize kundikalipira. Ndinawasiya akalipe mpaka atope, ine ndikungomvetsera mmene amakokera dzina langa akakwiya. Kenako ndinamuika Asiyatu foni kukhutu. Anamvetsera, n'kundiyang'ana, nati, "Amama, ndani?" Pomaliza bambo ake anati abwera. Sananene kuti liti, ndipo ine sindinafunse, kuopa kuti angandiyankhe.