Nkhope za a Tikonzeko

Mumsewu wathu palibe anajambulitsa kwa a Tikonzeko n'kutuluka ndi nkhope yake. Umalowa mu situdiyo mwawo ndi makwinya ako, mawa lake n'kulandira chithunzi cha munthu wosalala ngati dzira. Ukadandaula, iwo amvekere, "Mulungu analenga mothamanga, tikonzeko pang'ono." Dzinalo linachokera pamenepo.

Telala wa pakona anajambulitsa ndi mwana wake wamkazi tsiku la ukwati, ataima pafupi ndi galasi lalikulu la mu situdiyomo. Atabwera kudzatenga chithunzi anachiyang'ana kawiri.

"Mphuno iyi ndi ya ndani?"

"Ndi yanu, achimwene. Ndangoichepetsa."

"Ndinakupemphani?"

"Imatchinga mkwatibwi."

Akazi awo a Tikonzeko, omwe ankalandira makasitomala pakauntala, ankangopukusa mutu. Koma zoopsa zenizeni zinayamba mwana wawo atawatumizira laputopu yatsopano.

"Musakhudze!" anatero bambowo. "Makina atsopano sulowetsamo zilizonse."

Kunali kunena chabe. Sabata isanathe anali atalowetsamo mabulawuza onse amene anawapeza, mapulogalamu olowera pa intaneti aja. Iyi akuti imathamanga koma imadya batire. Iyo imasunga chinsinsi koma siikongola. Ina anaichotsa chifukwa kachizindikiro kake kankawayang'ana mwachipongwe.

Atafika pa mapulogalamu okonzera zithunzi ndiye mutu unabalalikiratu. Yaulere, yolipira, yongoyeserera, zonse ankafuna alawe. "Nkhope ya kasitomala siyoyeserapo," iwo anatero, ndipo anayamba kuyesera pa yawo. Anasonkhanitsa zithunzi zawo zonse za m'nyumba, n'kuzilowetsa mu laputopu, n'kuzikonza. Zakalezo anataya, amvekere ndi zinyalala.

"Abambo, anthu akudikira zithunzi za ziphaso panja pano."

"Adikire, mayi. Sindinasankhe."

"Mukusankha pulogalamu kapena mkazi? Inetu simunachedwe nane chonchi."

"N'chifukwa chake ulendo uno ndikusamala."

Mayiwo anabwerera kukauntala. Makasitomala anatopa n'kuyamba kupita kwina. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada: m'mawa wina a Tikonzeko anatsamira pampando, dzanja lili pa laputopu, osadzukanso. Anapita asanasankhe.

Pokonzekera maliro panafunika chithunzi choika pabokosi. Mayi ndi mwana anatsegula laputopu ija. Munali a Tikonzeko ambirimbiri, koma mwamuna wawo munalibe. Dazi lawo linali litamera tsitsi lakuda bii. Dzino loguluka linali litabwerera. Chipsera cha pachibwano, chomwe anachipeza atagwa panjinga tsiku lobwera kudzafunsira mayiwo, anachifufuta ngati kuti tsikulo kunalibe. Chimenechi ndicho chinawapweteka kwambiri mayiwo, ndipo analira mokwiya.

Anangosankhapo chimodzi. Pamaliro telala anasuzumira pabokosi n'kunong'oneza mnzake, "Kodi tafika pamaliro ake enieni? Kamnyamata aka n'ka ndani?" Anthu anabisa kuseka m'mipango. Mayiwo anamva zonse.

Patapita masiku anakumbukira chithunzi cha ukwati wa mwana wa telala chija. Tsikulo anali pomwepo, ndipo anaona amuna awo akuonekera m'galasi kumbuyo kwa mkwatibwi, kamera ili kumaso, dazi likunyezimira. Anavala nsapato n'kuthamangira kwa telala.

"Achimwene, chithunzi cha mphuno chija mudakali nacho?"

Telala anachichotsa pakhoma, n'kuchipukuta fumbi ndi kansanza. Mayiwo anachibweretsa pafupi ndi maso. Mkwatibwi analipo, telala ndi kamphuno kake analipo, galasi linalipo. M'galasimo munali mbee.

"Munali munthu umu," anatero mayiwo.

"Eya, mlamu," telala anayankha motsitsa mawu. "Anandiuza kuti anachotsamo chinthu china chimene chimaononga chithunzi."

Masiku ano situdiyo njotseka. Anthu a mumsewu muno amajambulana pafoni, mphuno zawo zili zonse, ndipo palibe wowauza kuti Mulungu anathamanga. Msewu wazizira, ngakhale telala sazinena poyera. Laputopu ili pamwamba pa kabati, yofunditsidwa nsalu, nkhope zonse zija zili m'kati.

Mwana wawo anakhoma msomali pabalaza kuti apachikepo chithunzi cha pabokosi chija. Mayiwo anakaniza.

"Mlendo ameneyo sindinakwatiwe naye," anatero. "Wangayo anali ndi chipsera."

Msomaliwo ulipobe, wopanda kanthu.